N'chifukwa chiyani VM imataya netiweki seva ikangoyatsidwanso?

Dandaulo ili limabwerabwera pakati pa anthu osamalira maseva, ndipo nthawi zambiri limayamba mofanana. Dzulo zonse zinali bwino. Seva yazimitsidwa n'kuyatsidwanso, kaya chifukwa cha magetsi kapena kuikamo kernel (mtima wa Linux) yatsopano, ndipo ma VM, makompyuta opangidwa ndi pulogalamu okhala m'menemo, sakufikikanso. Munthu amalowa, kulemba `virsh start` ndi dzina la VM, kapena kuiyatsanso ndi manja, basi zonse n'kubwerera mwakale. Palibe fayilo imene wakonza, palibe waya umene wagwira. Mawa seva ikayatsidwanso, vuto lomwe lija labweranso, kapena silinabwere, n'kudzatulukira sabata yamawa.

Zikatere, anthu ambiri amathamangira kukayikira adiresi ya IP, khadi ya netiweki kapena switch, bokosi lolumikiza mawaya a netiweki. Komatu ngati chinthu chikugwira ntchito mukachiyatsa ndi manja patapita mphindi zisanu, n'kumakana chikamadziyatsa chokha, ndiye kuti zimene munalemba m'mafayilo n'zolondola. Chalakwika ndi nthawi. Pali china chimene chadzuka chinzake chimene chimadalira chisanakonzeke.

## Mawu oti timvane poyamba

Virtual machine, imene ambiri amangoti VM, ndi kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu, yokhala mkati mwa kompyuta yeniyeni. Kompyuta yeniyeniyo imatchedwa host, ndipo VM imatchedwa guest, kunena kuti mlendo. Pa Linux, ntchitoyi nthawi zambiri imagwiridwa ndi KVM ndi QEMU, pomwe libvirt ndi amene amaziyang'anira: kuyatsa ma VM, kuwazimitsa ndi kuwalumikiza ku netiweki. Zitsanzo zanga zichokera kumeneko, ngakhale matendawa amapezeka pena paliponse pamene pali ma VM.

VM ilibe waya wakewake. Host imaipangira khomo la netiweki la pulogalamu chabe, lotchedwa tap, limene libvirt amalipatsa mayina ngati `vnet0`, `vnet1`. Khomoli limalumikizidwa ku bridge, yomwe ndi switch ya pulogalamu mkati mwa host. Bridge ikhoza kukhala imene mwapanga nokha, monga `br0`, yolumikizidwa ku khadi yeniyeni ya netiweki. Ikhozanso kukhala `virbr0`, imene libvirt amadzipangira yekha pa netiweki yake yotchedwa `default`, yokhala ndi adiresi 192.168.122.1, ndipo pulogalamu ya dnsmasq ndi imene imagawira ma VM maadiresi kudzera mu DHCP, njira imene kompyuta imapemphera adiresi n'kupatsidwa popanda munthu kuilemba. Pomaliza, service ndi pulogalamu yogwira ntchito kumbuyo popanda munthu kuitsegula, monga libvirtd (service ya libvirt), NetworkManager kapena firewalld.

Ndiye kuti VM ilankhule ndi dziko, pakufunika khadi ya netiweki idziwike, bridge ipangidwe, adiresi ipezeke, malamulo a firewall (mlonda wosankha mauthenga ololedwa kudutsa) aikidwe, kenako tap ilumikizidwe. Ntchito zimenezi zimagwiridwa ndi ma service osiyanasiyana, ndipo sikuti onse amadziwana.

## Kale kunali mzere, lero onse amanyamukira limodzi

Pa Linux wakale, pulogalamu yoyambitsa zinthu inali SysV init. Ma service ankayatsidwa mmodzimmodzi motsatira manambala a mafayilo a mu `/etc/rc3.d`: woyamba ndi S10 ankatha kaye, kenako wa S20, mpaka S99. Zinkachedwa, koma dongosolo linkaoneka ndi maso, ndipo service ya nambala yaikulu inkapeza zam'mbuyo zonse zitatha ngakhale mwini wake sananene kuti imazidalira.

systemd, pulogalamu yatsopano yoyambitsa zinthu imene Lennart Poettering ndi Kay Sievers anaitulutsa mu 2010, inasintha zimenezi. Fedora 15 inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2011, Red Hat Enterprise Linux 7 mu 2014, ndipo Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 mu 2015. Lamulo lake ndi lakuti chilichonse chimene sichinauzidwe kudikira chinyamuke pompo, limodzi ndi zinzake. Kompyuta imadzuka mwachangu, koma kudalirana kumene kale kunkabisala m'manambala tsopano kumayenera kulembedwa poyera. Kukapanda kulembedwa, ma service awiri amakhala pa mpikisano, ndipo wopambana amadalira tinthu tating'ono: disiki yachedwa pang'ono lero, switch yayankha msanga, DHCP yatenga masekondi atatu m'malo mwa imodzi. Akatswiri amautcha mpikisanowu race condition. N'chifukwa chake vuto limabwera lero, mawa ayi. N'chifukwa chakenso munthu akhoza kuika disiki ya SSD mu seva yakale, netiweki ya ma VM n'kusokonekera: libvirtd yayamba kufika msanga kuposa kale.

## Kufuna chinthu n'kosiyana ndi kuchidikira

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ngakhale amene akhala pa Linux zaka zambiri. Mu fayilo ya service iliyonse, systemd amasiyanitsa mafunso awiri. Loyamba: kodi service iyi ikamayatsidwa, ndi ziti zina zoyenera kuyatsidwanso? Limeneli limayankhidwa ndi `Wants=` kapena `Requires=`. Lachiwiri: ndani ayambe, ndani atsatire? Limeneli limayankhidwa ndi `After=` ndi `Before=`.

Mafunsowa sayankhirana. Mukalemba `Requires=` yokha, systemd ayatsa ma service onse awiri, koma nthawi imodzi. Mukalemba `After=` yokha, mwangonena kuti ngati winayo akuyatsidwa, ine ndidikire; ngati palibe amene wamuitana, sayatsidwa n'komwe, ndipo palibe chodikira. Taganizirani womanga makoma ndi wokhoma denga. Kuwaitana onse awiri n'kumodzi, kuwauza kuti denga libwere makoma atatha n'kwina. Mukawaitana osawauza, wadenga afika ndi malata ake makoma asanakwere. Mukawauza dongosolo koma osaitana womanga, wadenga sapeza womudikira, amangoyamba.

## Msampha wa network.target

Mukatsegula fayilo ya libvirtd ndi `systemctl cat libvirtd.service`, mupeza mzere wakuti `After=network.target`. Aliyense akauona amaganiza kuti nkhani yatha, libvirtd amadikira netiweki. Koma `network.target` sitanthauza kuti netiweki yakonzeka. Imangotanthauza kuti pulogalamu yoyang'anira netiweki, monga NetworkManager kapena systemd-networkd, yayatsidwa. Ili ngati chikwangwani chonena kuti wogwira ntchito wafika. Sichinena kuti ntchito yatha. Pa nthawi imeneyo bridge ikhoza kukhala isanapangidwe, adiresi isanapezeke.

Ntchito yake yeniyeni imaonekera pozimitsa kompyuta. systemd amatembenuza dongosolo pozimitsa, kotero service yokhala ndi `After=network.target` imazimitsidwa netiweki isanachotsedwe, n'kupeza mpata wotseka bwino zimene inatsegula.

Chikwangwani chonena kuti ntchito yatha ndi `network-online.target`. Chimenechi chili ndi zake ziwiri zoyenera kudziwa. Choyamba, sichibwera chokha: service yochifuna iyenera kulemba `Wants=` ndi `After=` zonse ziwiri. Chachiwiri, chokha sichiyeza kalikonse. Chimadalira service ina yodikira, imene ili `NetworkManager-wait-online.service` kwa ogwiritsa ntchito NetworkManager, kapena `systemd-networkd-wait-online.service` kwa a systemd-networkd. Ngati service yodikirayo inazimitsidwa, `network-online.target` imafikiridwa pompopompo ngati kuti zonse zili bwino. Ndipo anthu ambiri amaizimitsa ndithu, chifukwa amaiona pamwamba pa mndandanda wa zinthu zochedwetsa kompyuta kudzuka. Ndimawamvetsa, palibe amene amakonda kuyang'ana kompyuta ikungodikira, koma kuchedwa kumeneko nthawi zambiri ndi kumene kunkateteza ma VM awo.

Ngakhale liwu lakuti "online" limatanthauza zosiyana kutengera wodikirayo. Wa NetworkManager amadikira kuti NetworkManager amalize kuyesa zolumikiza zonse zoyenera kudziyatsa zokha, kaya zatheka kaya zalephera. Wa systemd-networkd amadikira makomo onse amene akuwayang'anira kuti akonzedwe kapena alephere, ndipo limodzi likhale lolumikizidwa. Akapanda kuona zimenezi amasiya pakatha masekondi 120. Palibe mwa awiriwa amene amalonjeza kuti intaneti ikufikika kapena kuti DNS, yomasulira mayina kukhala maadiresi, ikuyankha.

## Vuto limodzi, nkhope zambiri

Nkhope yosavuta kuizindikira ndi ya VM imene sinayake n'komwe. Munaiuza ndi `virsh autostart` kuti izidziyatsa yokha, koma `virsh list --all` ikuionetsa yozima. M'zolemba za libvirt mumapeza uthenga wakuti `Cannot get interface MTU on 'br0': No such device`. libvirt anafika, anafuna kulumikiza tap ku `br0`, anapeza bridge kulibe, n'kusiya. Sabwerera kudzayesanso bridge ikapezeka masekondi awiri pambuyo pake. Mnzake wa uthengawu ndi `network 'default' is not active`, umene nthawi zina umangosonyeza kuti simunalembe `virsh net-autostart default`, koma nthawi zina umabisa mpikisano wina: pulogalamu ina ya DNS pa host, monga dnsmasq ina kapena BIND, yadzuka msanga n'kutenga port 53 pa maadiresi onse, ndipo dnsmasq ya libvirt ikukana kuyaka ndi mawu akuti `Address already in use`.

Nkhope yovutirapo ndi ya VM imene yayaka bwinobwino koma ndi yosamva. Izi zimachitika bridge ikachotsedwa n'kupangidwanso VM itayaka kale, mwachitsanzo script (kafayilo ka malamulo) ina ikayatsanso netiweki kumapeto kwa kudzuka. Bridge yatsopanoyo ili ndi dzina lomwelo, koma tap ija yatsala padera. Lamulo la `ip link show master br0` limaonetsa makomo olumikizidwa ku bridge. Ngati `vnet0` palibepo, mwapeza.

Kenako pali firewall, imene ndimaiona kuti ndi yozunza kuposa zonse, chifukwa chilichonse chimaoneka cholumikizidwa. libvirt akamayatsa netiweki ya `default` amaika malamulo ake olola ma VM kutuluka kudzera pa adiresi ya host. Script ina ikabwera pambuyo n'kufufuta malamulo onse kuti iike ake, ma VM amatsala akulankhula ndi host yokha. Kuyatsanso libvirtd kumabwezera malamulowo, n'chifukwa chake kumaoneka ngati mankhwala. Docker, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'timabokosi totchedwa ma container, nayenso ali ndi mbali yake. Kuyambira pa Docker 1.13 ya mu 2017, amasintha lamulo lalikulu la `FORWARD` mu iptables, firewall ya Linux, kukhala `DROP`, kunena kuti chilichonse chodutsa pa host chimene sichinaloledwe chitayidwe. Ngati mbali ya kernel yotchedwa `br_netfilter` yalowetsedwa, ngakhale mauthenga ongodutsa pa bridge amakafufuzidwa ndi lamulo limeneli. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: VM imayankha kwa masekondi angapo seva itangodzuka, kenako n'kukhala chete pa nthawi imene Docker wayaka. Malo amene Docker anasiyira eni seva kuti aikemo malamulo awo ndi `DOCKER-USER`.

Nkhani ya `br_netfilter` ili ndi msampha wakewake wa nthawi. Munthu amalemba `net.bridge.bridge-nf-call-iptables = 0` mu `/etc/sysctl.d/` kuti bridge isamafufuzidwe. Koma kuyambira pa kernel 3.18, `br_netfilter` ndi mbali yapadera, ndipo mzere umenewu sukhalapo mpaka mbaliyo italowetsedwa. `systemd-sysctl` imagwira ntchito kumayambiriro kwenikweni, imapeza mzerewo kulibe, n'kudutsa. Patapita nthawi pulogalamu ina imalowetsa `br_netfilter`, imene imabwera ndi nambala yake ya 1. Fayilo yanu ndi yolondola, koma inawerengedwa nthawi isanakwane. Kulemba `br_netfilter` mu fayilo ya mu `/etc/modules-load.d/` kumathetsa izi, popeza systemd amalowetsa kaye mbali za kernel asanawerenge za sysctl.

Palinso kudikira kumene si kwa systemd konse. Bridge yokhala ndi STP, njira yoteteza kuti mauthenga asamangozungulira pakati pa ma switch, imatseka khomo latsopano kwa kanthawi lisanayambe kudutsitsa zinthu: masekondi 15 kumvetsera, ena 15 kuphunzira. VM yodzuka mwachangu ikhoza kupempha adiresi mkati mwa masekondi 30 amenewa, osayankhidwa, n'kutopa. Switch yeniyeni imene seva yalumikizidwako ikhoza kuchitanso chimodzimodzi kwa host.

Ndipo musaiwale kuti mlendo nayenso ndi kompyuta, ali ndi mpikisano wake. Mkati mwa VM, service monga nginx (ya webusaiti) kapena sshd (yolowera patali) youzidwa kumvetsera pa adiresi imodzi yeniyeni imalephera ndi uthenga wakuti `Cannot assign requested address` ikadzuka adiresiyo isanafike. VM imayankha `ping`, koma webusaiti yake kulibe.

## Kufufuza: werengani nthawi musanakhudze kalikonse

Chinthu choyamba ndi kudziletsa. Seva ikadzuka ili ndi vuto, dzanja limafuna kuyatsanso service nthawi yomweyo, ndipo mukatero mwafufuta umboni. Onani kaye `virsh list --all`, `virsh net-list --all`, `ip -br addr` ndi makomo a pa bridge. Zimenezi zimakuuzani ngati VM yazima, ngati yayaka koma ili padera, kapena ngati yalumikizidwa koma china chikutchinga.

Kenako tsegulani zolemba ndi nthawi yowerengedwa kuchokera pamene kompyuta inayaka:

`journalctl -b -o short-monotonic -u libvirtd -u NetworkManager`

Kuika ma service awiri pamodzi kumasakaniza mizere yawo motsatira nthawi. Mukaona libvirt akudandaula za `br0` pa sekondi ya 6, NetworkManager n'kunena kuti `br0` yakonzeka pa sekondi ya 9, simufunikanso umboni wina. Pa makina atsopano monga Red Hat Enterprise Linux 9, libvirtd inagawidwa kukhala ma service ang'onoang'ono, choncho mayina oti muyang'ane ndi `virtqemud` ndi `virtnetworkd`. Kuti muyerekeze kudzuka kwa lero ndi kwa ulendo wapita, gwiritsani ntchito `-b -1`. Izi zimatheka ngati zolemba zikusungidwa pa disiki, mu `/var/log/journal`. Kuyerekeza kudzuka kumene kunayenda bwino ndi kumene kunalephera ndi njira yachangu kwambiri imene ndikuidziwa, chifukwa kusiyana kwa dongosolo kumaonekera poyera.

`systemd-analyze critical-chain libvirtd.service` imaonetsa zimene service inadikira isanayake ndi nthawi yake. Muziyang'ana chimene chikusowa pamndandandawo: ngati pali `network.target` koma palibe `network-online.target`, yankho lili pomwepo. `systemd-analyze plot > boot.svg` imajambula chithunzi cha ma service onse ndi nthawi zawo. `systemd-analyze blame` ndi yodziwika kwambiri, koma pa nkhaniyi imasocheretsa, chifukwa imangonena amene anatenga nthawi yaitali, osanena amene amadikira ndani.

## Kukonza

Musasinthe fayilo yobwera ndi pulogalamu, chifukwa idzafufutidwa pulogalamuyo ikadzakonzedwanso. Lembani `systemctl edit libvirtd.service`, imene imapanga fayilo yowonjezera mu `/etc/systemd/system/libvirtd.service.d/`, ndipo muikemo:

```
[Unit]
Wants=network-online.target
After=network-online.target
```

Kenako tsimikizani ndi `systemctl is-enabled` kuti service yodikira yogwirizana ndi pulogalamu yanu ya netiweki ndi yoyatsidwa, imodzi yokha. Zikayatsidwa zonse ziwiri, ya NetworkManager ndi ya systemd-networkd, imene ilibe choyang'anira ikhoza kungodikira mpaka nthawi yake ithe.

Pali njira ina yolunjika. systemd amapangira khomo lililonse la netiweki dzina lake, ndipo la `br0` ndi `sys-subsystem-net-devices-br0.device`. Mukaika dzinali mu `Wants=` ndi `After=`, libvirtd amadikira bridge yeniyeniyo, osati netiweki yonse. Ubwino wake ndi wakuti khomo lina losafunika silingachedwetse ma VM. Kuperewera kwake ndi kwakuti dzinali limangotsimikiza kuti bridge ilipo, osati kuti ili ndi adiresi. Ngati madisiki a ma VM ali pa seva ina, yofikiridwa pa netiweki kudzera mu NFS kapena iSCSI, bridge yokha sikwanira. Host iyenera kufikira kaye seva yosunga madisikiwo, ndipo mzere wake mu `/etc/fstab` umafunika kudziwika kuti ndi wa pa netiweki, monga poika `_netdev` pa disiki ya iSCSI.

Samalani ndi bridge imene ilibe khadi yeniyeni, yongolumikiza ma VM okhaokha. Bridge yotere imaoneka ngati yopanda waya mpaka VM yoyamba italumikizidwa. Ndiye wodikira wa systemd-networkd amadikira bridge, bridge ikudikira VM, VM ikudikira wodikirayo, mpaka masekondi 120 aja athe. Mu fayilo ya `.network` ya bridge imeneyo, `RequiredForOnline=no` imauza wodikira kuti asaiwerengere, ndipo `ConfigureWithoutCarrier=yes` imalola kuti ipatsidwe adiresi ngakhale ilibe cholumikizidwa.

Mkati mwa VM, service yomvetsera pa adiresi imodzi ikhoza kupatsidwa mizere iwiri ija ya `network-online.target`, kapena kuuzidwa kumvetsera pa maadiresi onse, kapena kuloledwa kugwira adiresi isanafike ndi `net.ipv4.ip_nonlocal_bind=1`. Ngati VM imodzi ndi imene imagawira zinzake maadiresi kapena ndi router yawo, dongosolo likufunikanso pakati pa ma VM eni ake. Mwa mapulogalamu ena oyendetsa ma VM, Proxmox VE imalola kupatsa VM iliyonse nambala ya dongosolo loyakira ndi masekondi odikira, ndipo Hyper-V ili ndi malo oikira kuchedwa kwa VM iliyonse poyaka.

## Nanga kungoika sleep?

Ambiri amathetsa nkhaniyi poika `sleep 30`, lamulo longodikira masekondi 30, libvirtd isanayake, ndipo nthawi zambiri zimagwiradi ntchito. Oikonda njirayi amati ndi yosavuta kuimvetsa, ndiponso pali zinthu zina, monga switch yochedwa kudzuka magetsi akabwerera, zimene systemd wa pa seva sangazione. Oikana amati nambalayo ndi yongoganizira: tsiku limene netiweki idzatenge masekondi 31 vuto lidzabweranso, ndipo masiku ena onse seva ikutaya nthawi pachabe. Pakati pawo pali njira ya kulemba service yaing'ono imene imayesa chinthu chenicheni chofunikacho mobwerezabwereza, mwachitsanzo kufikira router, n'kutha ikangoyankhidwa kapena nthawi yoikika ikakwana. Olemba systemd eni ake amalimbikitsa china: kuti mapulogalamu azilembedwa molola netiweki kubwera ndi kupita nthawi iliyonse, osayembekezera kuti ikhalepo poyaka. Koma wosamalira seva sangalembenso pulogalamu iliyonse imene ali nayo, ndiye mizere ya `After=` imakhalabe chida chake cha tsiku ndi tsiku.

Mukawonjezera mizere imeneyi, yang'anani m'zolemba ngati muli mawu akuti `Found ordering cycle`. Amatanthauza kuti mwapanga mzungulire, A akudikira B pamene B akudikira A, ndipo systemd amauthetsa pochotsa ntchito imodzi, imene ikhoza kukhala ya netiweki yeniyeniyo. Pa seva yakutali, onetsetsani kuti muli ndi njira ina yolowera yosadalira netiwekiyo musanayese. Ndipo popeza vutoli ndi la mpikisano, kudzuka bwino kamodzi sikutsimikiza kanthu. Yatsaninso seva kangapo, kuphatikizapo ulendo umodzi wozimitsiratu magetsi pamodzi ndi switch, ndipo ulendo uliwonse muone mu `journalctl` kuti mzere wa `br0` ukubwera mzere woyamba wa libvirt usanafike.